Waya wa makamera achitetezo apakhomo: mafunso ndi mayankho

Anthu ambiri akamagula makamera amafunsitsa za kamerayo: imaona patali bwanji usiku, ili ndi mamegapikiseli angati, imalumikizana ndi foni kapena ayi. Zikafika pa waya amangoti, "Tengani wotchipayo." Komatu kamera ikafa mumakwera makwerero, kumasula masikuluu anayi n'kuika ina. Waya akafa amafera m'siling'i, m'khoma lomwe munapaka kale penti, kapena pansi pa simenti ya pabwalo. N'chifukwa chake timalimbikira za waya kuposa china chilichonse.

Kodi makamera onse amafuna waya wofanana?

Ayi. Makamera a analogi, amene amalumikizidwa ku chojambulira chotchedwa DVR, amagwiritsa ntchito waya wozungulira wa RG59 ndipo amafuna waya wina wa magetsi a 12 V. Makamera a IP amalumikizidwa ku chojambulira chotchedwa NVR kapena ku switch (kabokosi ka mapoti angapo kolumikiza zida) ndi waya wa netiweki, uja wokhala ndi timawaya 8 topotedwa tiwiritiwiri. Ambiri mwa makamera a IP amalandira magetsi kudzera m'waya womwewo, njira yotchedwa PoE. Mayankho ali pansiwa akukamba kwambiri za makamera a IP, choncho yang'anani kaye kuseri kwa chojambulira chanu musanagule kanthu. Ngati pali mapoti a makona anayi ngati a pa kompyuta, ndi NVR. Ngati pali timitu tachitsulo tozungulira, ndi DVR.

Ndigule Cat5e kapena Cat6?

Mitundu iwiri yonseyi ya waya wa netiweki ikwanira. Cat5e amanyamula uthenga pa liwiro la 1000 Mbps mpaka mamita 100, pomwe kamera ya mamegapikiseli 4 imatumiza pafupifupi 4 Mbps, ndipo ya 4K kawirikawiri siipitirira 16 Mbps. Ndiponso makamera ambiri poti yawo ndi ya 100 Mbps basi. Ndiye amene akukuuzani kuti Cat6 apangitsa chithunzi kuwala kwambiri akungofuna kugulitsa. Chithunzi cha kamera ya IP chimafika chonse kapena chimaduka, waya sachikongoletsa.

Ubwino weniweni wa Cat6 uli pa kunenepa kwa kopa. Timawaya ta Cat5e nthawi zambiri ndi ta 24 AWG, pafupifupi mamilimita 0.51, pomwe ta Cat6 timakhala ta 23 AWG, pafupifupi mamilimita 0.57. Nambala ya AWG ikamachepa ndiye kuti waya akunenepa. Waya wonenepa amataya magetsi ochepa m'njira ndipo satentha msanga. Ife timati, pa mtunda wosapitirira mamita 60 ndi makamera wamba, Cat5e wabwino ndi wokwanira. Pa mitunda yaitali, kapena pa kamera yozungulira ya PTZ imene imadya magetsi ambiri, tengani Cat6. Waya wochoka ku NVR kupita ku rauta ya m'nyumba nayenso akhale Cat6.

Cat6A, Cat7 ndi Cat8 musataye nawo ndalama. Ndi olimba kupinda, mitu yake ndi yovuta kumanga, ndipo Cat8 anapangidwira zipinda za maseva, pa mtunda wa mamita 30 okha.

Pa bokosi palembedwa CCA. Zikutanthauza chiyani?

Funso lalikulu ndi limeneli, kuposa la Cat5e ndi Cat6. CCA ndi waya wa aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa wopyapyala pamwamba. Mukausenda umaoneka wofiira ngati kopa weniweni, ndipo pa khungu lake pamalembedwa Cat6 mwa zilembo zazikulu. Koma malamulo a TIA-568, amene amafotokoza za mawaya amenewa, amafuna kopa yekhayekha. Waya wa CCA sali Cat5e kapena Cat6 ngakhale bokosi linene choncho.

Vuto loyamba ndi magetsi. Aluminiyamu amadutsitsa pafupifupi 61 peresenti ya magetsi amene kopa wonenepa chimodzimodzi amadutsitsa, ndipo opanga waya wotchipa amakondanso kuondetsa timawayato. Magetsi otayikawo amasanduka kutentha mkati mwa waya. Vuto lachiwiri ndi kuthyoka. Aluminiyamu akapindidwa kangapo amaduka m'kati khungu lili bwinobwino, moti simuona pamene paduka. Lachitatu ndi loipa kwambiri chifukwa limabwera mochedwa. Mano a RJ45, mutu womangidwa ku nsonga ya waya wa netiweki, akaboola kopa wapamwamba uja, aluminiyamu amakumana ndi mpweya ndi chinyezi n'kuchita kaufa koyera kosadutsitsa magetsi. Tsiku loika makamera zonse zimayenda bwino, mmisiri amalandira ndalama yake. Mvula ikagwa miyezi iwiri, kamera ya kugeti imayamba kubwera n'kumachoka.

Pa PoE, CCA musamulole ngakhale atachipa motani. Bokosi la waya wabwino limalembedwa "bare copper", "solid copper" kapena BC.

Nanga ndingamuzindikire bwanji ndisanalipire?

Pemphani kachidutswa ka waya, ngakhale kotalika ngati chala. Sendani kawaya kamodzi ndipo mukapale ndi lezala kapena mpeni. Kopa weniweni amakhala wofiira mpaka m'kati. CCA mukangomupala pang'ono pamatuluka kuyera ngati kwa sefuliya. Kuyang'ana pa nsonga imene yadulidwa kumathandizanso, pakati pake pamaoneka kadontho koyera.

Njira ina ndi ya moto. Ikani kawayako pa lawi la laitala. Kopa amafiira koma amakhalabe chilili, chifukwa amasungunuka pa madigiri 1085. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, choncho CCA amawerama nthawi yomweyo n'kuyoyoka. Maginito nawo ndi othandiza: pali waya wina wachitsulo wokutidwa ndi kopa, ameneyo amamata ku maginito.

Ngati muli ndi mita yoyezera magetsi, dulani mamita 50, mulumikize timawaya tiwiri ta peyala imodzi ku mapeto amodzi n'kuyeza ku mapeto enawo. Kopa wa 24 AWG amaonetsa ma ohm 8 kapena 9, wa 23 AWG pafupifupi 7. Mukaona 13 kapena kuposa, bwezani. Ndipo nyamulani bokosilo. Bokosi la mamita 305 la CCA limapepuka moonekeratu mukaliyerekeza ndi la kopa.

Waya mmodzi angatalike mpaka pati?

Mamita 100, kuchoka pa switch kapena NVR kukafika pa kamera. Malamulo amawagawa chonchi: mamita 90 a waya wokhazikika, ndi mamita 10 a timawaya tofewa tolumikizira ku mapeto onse awiri. Muziwerenga njira imene waya adutse, osati mtunda wowongoka. Kukwera khoma, kuzungulira m'siling'i, kutsika pa chipilala cha geti, zonsezo ndi mamita.

Malire amenewa anayezedwa pa madigiri 20. Kutentha kukakwera waya amataya mphamvu yambiri, moti pa madigiri 60 mamita 90 aja amatsika kufika pafupifupi 75. Aliyense amene analowapo m'siling'i ya nyumba ya malata masana a mwezi wa Okutobala akudziwa kuti mmenemo mumatentha ngati mu uvuni. Ngati waya wanu adutse mbali yaikulu pansi pa malata, musamufikitse pa malire.

Mtunda ukapitirira pali njira zitatu. Maswitch ambiri a makamera, monga a Hikvision ndi Dahua, ali ndi kabatani ka "extend" kamene kamatsitsa liwiro kufika 10 Mbps n'kulola waya kufika mamita 250. Kamera imodzi ya mamegapikiseli 2 kapena 4 imakwanamo, ya 4K imatha kumadukaduka. Njira yachiwiri ndi kuika PoE extender, kachida kopitiriza uthenga ndi magetsi, pakati pa njira, m'bokosi losalowa madzi. Yachitatu ndi faiba, waya wa galasi, imene imafuna kuti kumapeto kwinako kukhale magetsi akeake. Chimene simuyenera kuchita ndi kulumikiza zidutswa ziwiri za waya popota timawaya n'kukulunga tepi. Pamenepo ndi pomwe vuto lidzayambire.

Za magetsi a PoE ndiyang'ane chiyani?

Pali milingo itatu. Wa 802.3af, wa mu 2003, umatulutsa 15.4 W pa poti ndipo kamera imalandira mpaka 12.95 W. Wa 802.3at, wa mu 2009, wotchedwanso PoE+, umatulutsa 30 W ndipo kamera imalandira 25.5 W. Wa 802.3bt, wa mu 2018, umafika 60 W kapena 90 W. Makamera wamba osazungulira amadya pakati pa 5 W ndi 12 W, choncho mlingo woyamba umawakwanira. Makamera a PTZ ndi ena okhala ndi nyali zoyera zamphamvu amafuna PoE+.

Werengani pa pepala la kamera nambala ya magetsi apamwamba kwambiri amene imadya, chifukwa usiku nyali zake za infrared zikayaka imakoka ambiri kuposa masana. Kenako phatikizani makamera onse n'kuyerekeza ndi mphamvu ya switch yonse. Switch ya mapoti 8 ikhoza kukhala ndi 60 W yokha yoti igawe. Makamera 8 a 10 W amafuna 80 W. Masana zonse zimaoneka bwino, kukada awiri amazima, ndipo anthu amayamba kunamizira waya.

Chenjerani ndi timabokosi ta "passive PoE" ta 24 V timene timabwera ndi zida zina za intaneti. Timeneti timangoponya magetsi osayamba tafunsana ndi chida cha kumapeto. PoE ya malamulo imayenda pakati pa 44 V ndi 57 V, ndipo switch imayamba yatsimikiza kuti kwinako kuli chida choyenera isanatumize magetsi.

Kwathu kuno, kumene magetsi amathimathima, PoE ili ndi phindu lina: makamera onse amadya pa malo amodzi. Mukaika NVR ndi switch pa UPS kapena pa invetala imodzi, bwalo lonse limakhalabe maso.

Kodi sindingangotumiza 12 V ya adaputala kudzera m'timawaya totsala?

Pa mamita 10 kapena 15 zitha kuyenda. Patali sizitheka, ndipo masamu ake ndi osavuta. Kamera ya 12 W pa 48 V imakoka kota ya amp imodzi. Pa waya wa kopa wa mamita 100 pamatayika pafupifupi 2 V, zomwe kamera siizimva n'komwe. Kamera yomweyo pa 12 V imakoka amp yathunthu, ndipo waya yemweyo angadye pafupifupi 8 V, kamera n'kutsala ndi 4 V. Siyaka.

Waya wa m'nyumba ndingamugwiritse ntchito panja?

Waya wa buluu kapena wotuwa wa m'maofesi khungu lake ndi la PVC. Dzuwa limaliumitsa, limachita ming'alu, madzi n'kulowa. Madziwo sakhala pamalo amodzi, amatsetsereka m'kati mwa khungu motsatira timawaya mpaka kukatulukira pa poti ya NVR. Waya wapanja ndi wakuda, khungu lake ndi la PE, lolimba mukaligwira, ndipo limapirira dzuwa. Paliponse pamene dzuwa kapena mvula ifike, ngakhale ndi mamita atatu okha otsika pa khoma, gwiritsani ntchito wakudayo kapena muike waya m'paipi.

Wokwirira pansi ndi nkhani ina. Anthu amaganiza kuti waya akalowa m'paipi ndiye kuti wauma mpaka kale. Paipi iliyonse yokwiriridwa imadzaza madzi nthawi ya dzinja, kudzera m'malo olumikizira ndi m'nthunzi. Choncho pansi pamafunika waya wolembedwa "direct burial", amene amakhala ndi mafuta olimba kapena tepi yotseka madzi m'kati, ndipo iyeyo muzimuikabe m'paipi kuti khasu ndi chiswe zisamupeze. Kumbani masentimita 45, malumikizidwe a mapaipi muwamate ndi guluu wake, ndipo pokhota gwiritsani ntchito mabendi otambasuka, osati okhota mwadzidzidzi. Siyanimo chingwe cha nayiloni chodzakokera waya wina m'tsogolo.

Paipi musaidzaze. Ya mamilimita 20 imatenga mawaya atatu a Cat6, ya mamilimita 25 imatenga asanu. Mukakakamiza ambiri mudzakoka mwamphamvu mpaka kutambasula timawaya.

Ndikufunika waya wa shilidi? Nanga fensi ya magetsi ndi mphenzi?

Shilidi ndi chitsulo chopyapyala chokuta timawaya m'kati mwa khungu. M'nyumba wamba waya wopanda shilidi, wa UTP, ndi wokwanira. Kupota kwa mapeyala kuja n'kumene kumachotsa phokoso la magetsi. Mungomusiyanitsa ndi mawaya a 230 V, osachepera masentimita 30 ngati akuyenda motsatana, ndipo pofunika kudutsana adutsane mopingasa. Asalowe paipi imodzi ndi waya wa magetsi. Uku si kuopa phokoso kokha, ndi kuopanso ngozi.

Fensi ya magetsi ndi imene imavutitsa kwambiri. Imaponya mavolti masauzande angapo pafupifupi sekondi iliyonse, ndipo waya wa kamera woyenda pamwamba pa mpanda motsatana nayo amatola kugunda kumeneko. Zotsatira zake ndi kamera yodukaduka kapena poti ya switch yopsa. Dutsitsani waya m'munsi mwa mpanda kapena pansi pa nthaka, kutali ndi mawaya a fensi ndi makina ake. Pamene sizingatheke, tengani waya wa shilidi wa F/UTP ndi mitu yachitsulo, ndipo shilidiyo ilumikizidwe ku earth kumbali ya switch. Shilidi yosalumikizidwa ku earth ndi ndalama yotaya.

Shilidi siiteteza ku mphenzi. Mphenzi siifunika kugwera pa waya wanu kuti iwononge, ikagwa pafupi waya wautali wapanja amatola mphamvu yake n'kuifikitsa ku NVR. Pa waya aliyense wopita kugeti, pa pholo kapena ku nyumba ina, ikani surge protector ya PoE, kachida koteteza zida ku mphamvu ya mphenzi, pamene waya akulowera m'nyumba, yolumikizidwa ku earth ndi waya waufupi wonenepa. Musayendetse waya m'malere kuchoka pa denga lina kupita pa lina. Pakati pa nyumba ziwiri zosiyana faiba ndiye yankho labwino, chifukwa ndi galasi, sinyamula magetsi.

M'siling'i ndiyendetse bwanji?

Makoswe amadya khungu la waya, makamaka amene wangogonekedwa pa mabodi a siling'i pomwe iwo amathamanga. Muikeni m'paipi, kapena mumumangirire m'mwamba pa matabwa koma osagunda malata. Zomangira musakoke mpaka kufinya khungu, ndipo timisomali ta makilipi tisamuphwanye. Pokhota, bendi isakhale yothina kuposa kunenepa kwa waya kuchulukitsa kanayi, kutanthauza pafupifupi masentimita atatu. Waya akapotokola potuluka m'bokosi, imani mumuwongole ndi dzanja. Mukakoka ali chomwecho amapanga mfundo imene imawononga mapeyala mpaka kalekale. Mphamvu yokokera isapitirire ya makilogalamu 11.

Lembani dzina pa mapeto onse awiri a waya aliyense musanamukoke: geti, kumbuyo, galaja.

Mutu wa RJ45 umamangidwa bwanji, ndipo ndiuteteze bwanji ku madzi?

Tsatirani dongosolo la T568B ku mapeto onse awiri. Mukagwira mutu kapini kake kali pansi, mano akuyang'ana kutsogolo, kuyambira kumanzere timawaya timakhala motere: koyera ka mizere ya olenji, ka olenji, koyera ka mizere yobiriwira, ka buluu, koyera ka mizere ya buluu, kobiriwira, koyera ka mizere ya bulauni, ka bulauni. Ena amati mitundu ilibe kanthu bola mbali zonse zifanane. Si zoona. Mapini 3 ndi 6 ayenera kukhala a peyala imodzi. Mukasakaniza, tester yotchipa ya timagetsi imaonetsa kuti zonse zili bwino, koma pa mamita 40 kamera imakana kulumikizana.

Musapotolole mapeyala kupitirira mamilimita 13, ndipo khungu lakunja lilowe m'mutu kuti chopanira chiligwire. Gulani mitu yogwirizana ndi waya wanu: timawaya ta Cat6 ndi tonenepa, m'mitu ya Cat5e timalowa mokakamiza. Mangani timawaya tonse 8, chifukwa maswitch ena amatumiza magetsi pa mapini 1, 2, 3 ndi 6, ena pa 4, 5, 7 ndi 8.

M'bokosi la kamera mumakhala kathumba ka zotsekera madzi: kachubu ka pulasitiki, labala ndi nati yake. Amisiri ambiri amakataya. Zimenezi zimalowetsedwa pa waya musanamange mutu, mukaiwala mudula n'kumanganso. Malumikizidwewo akhale m'kabokosi kotseka kuseri kwa kamera, mabowo ake akuyang'ana pansi, ndipo waya asanalowe atsike kaye pang'ono n'kukweranso kuti madzi azidonthera pansi. Tepi yakuda yokha siikwanira, dzuwa limaimatula. Madzi akafika pa mano okhala ndi 48 V, manowo amachita dzimbiri lobiriwira n'kupsa, ndipo nthawi zambiri amapsereza ndi poti ya kamera yomwe.

Nanga mawaya omangidwa kale mitu, kapena aphwatalala aja?

Mawaya ofewa omangidwa kale ndi a pa shelefu, kuchoka pa NVR kupita pa switch. Timawaya take ndi ta tiulusi tambirimbiri, timataya mphamvu yochuluka kuposa waya wa kopa mmodzi wolimba. Aphwatalala ndi oonda kwambiri, ena 30 AWG kapena 32 AWG, pa PoE sayenera. Mawaya obwera m'bokosi limodzi ndi makamera otchipa muwapale kaye ndi lezala ngati mmene tanenera.

Ndigule mamita angati?

Yezani njira ya kamera iliyonse ndi tepi kapena chingwe. Tiyerekeze kuti kugeti ndi mamita 45, kumbuyo 30, m'mbali 25, kugalaja 20. Onse pamodzi ndi 120. Onjezani mita imodzi ku kamera ndi mamita awiri ku NVR pa waya aliyense, kuti mudzathe kudula n'kumanganso mutu kapena kusuntha shelefu. Afika 132. Onjezaninso gawo limodzi mwa magawo khumi chifukwa cha zokhota zimene simunazione, mugule mamita 150. Ngati mukuganiza zodzaonjeza makamera, bokosi lonse la mamita 305 limatsika mtengo pa mita. Pa khungu la waya pamakhala manambala a mamita, ndiye mutha kuona amene agwiritsidwa ntchito pochotsera nambala ya kumapeto kwina ku ya kwinako. Kamera iliyonse ikhale ndi waya wakewake, ndipo kugeti kokerani awiri (wachiwiriyo sali m'masamu aja), wina adzagwira ntchito ya intakomu kapena kulowa m'malo mwa mnzake.

Ndili ndi RG59 wa makamera akale. Ndimuzule?

Ngati ndi wa kopa ndipo sanalowe madzi, makamera a analogi amakono a TVI, CVI kapena AHD amayenda pa iyeyo bwinobwino ndi DVR yatsopano. Koma pa nyumba imene mukuyamba kumene, kokani waya wa netiweki. Makamera a analogi amayendanso pa iye mukaika tizida tolumikizira totchedwa "balun" ku mapeto onse awiri, ndipo tsiku lodzasinthira ku IP simudzagumula khoma.

Kamera ikuzima usiku, kapena ikubwera n'kumachoka. Ndiyambire pati?

Itsitseni, muilumikize pafupi ndi NVR ndi waya waufupi wabwino, kenako phimbani diso lake ndi dzanja kuti nyali za usiku ziyake. Ikazimabe, vuto lili pa kamera kapena pa mphamvu ya switch. Ikakhazikika, vuto lili m'njira. Yang'anani mutu wa panja kaye: mano akuda kapena obiriwira ndi madzi, kaufa koyera ndi CCA. Dulani masentimita 10, muone ngati m'kati mwa khungu muli chinyezi, mumange mutu watsopano. Kenako yesani poti ina. Ngati kuduka kukugwirizana ndi nthawi imene fensi yayatsidwa kapena pampu ya madzi yalira, tsatirani njira ya waya mupeze pamene wayandikana ndi mawaya amenewo. Poti ya switch ikamaonetsa 10 Mbps pomwe simunayatse "extend", peyala ina yavulala kapena yamangidwa molakwika. Waya akapezeka kuti ndi CCA, kumanga mitu yatsopano kumangogula miyezi ingapo. Mangirirani waya wa kopa ku nsonga yake, mumugwiritse ntchito ngati chingwe chokokera watsopanoyo m'paipi.